Funsani Azaumoyo: Kutopa Kosachoka Ngakhale Mutagona

Makalata ambiri a mwezi uno abwera ndi dandaulo limodzi: kutopa kosatha, mtima wa phuma, ndi kuzilala kwa chidwi pa zinthu zimene munthu ankazikonda. Tasankhapo 7. Mayina tachotsa, ndipo makalata aatali tawafupikitsa.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa Sitandade 2 ndipo m'kalasi mwanga muli ana oposa 100. Ndaphunzitsa zaka 11 ndikuikonda ntchitoyi, koma chaka chino ndikumadzuka ndili wotopa kale. Lamlungu madzulo m'mimba mumayamba kupotokola. Ana ndikungowakalipira, ndipo sabata yatha mwana wina analira ine osamva chisoni n'komwe. Kodi ndasanduka waulesi kapena woipa mtima?
Mphunzitsi, Ntcheu

YANKHO: Aphunzitsi, zimene mwafotokozazi zili ndi dzina. Azachipatala amati burnout, kutanthauza kutheratu mphamvu chifukwa chopanikizika pa ntchito kwa nthawi yaitali. Herbert Freudenberger analemba za vutoli mu 1974 ataona anthu ongodzipereka pa kachipatala kaulere ku New York akufooka mmodzimmodzi, ndipo amene ankafooka msanga anali akhama omwe aja. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linaika vutoli m'buku lake la mndandanda wa matenda lotchedwa ICD-11, osati ngati nthenda payokha koma ngati vuto lochokera ku ntchito. Zizindikiro zake ndi zitatu: kutopa kosatha, kuuma mtima pa ntchito ndi pa anthu amene ukuwatumikira, ndi kuona ngati palibe chimene ukuphulapo. Ziwiri zoyambazo mwazitchula nokha.

M'thupi mumachitika izi. Munthu akaona choopsa, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timatulutsa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, shuga amakwera m'magazi, minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imakungika, ndipo kugaya chakudya kumayamba kwaima. Mukakumana ndi galu wolusa panjira zimenezi zimakupulumutsani, kenako pakapita mphindi zingapo zonse zimabwerera m'malo. Koma galuyo akamakudikirani pakhomo la kalasi m'mawa uliwonse kwa miyezi, thupi silipezanso mpata wobwerera m'malo. Tulo timakhala ta pamwambamwamba, mutu ndi msana zimawawa, ndipo kuiwala kumachuluka. Kupotokola kwa Lamlungu madzulo ndi thupi lanu likukonzekera Lolemba. Kusamva chisoni kuja nakonso si kuipa mtima. Maganizo akalemedwa amatseka chitseko kuti pasalowenso katundu wina, ndipo katundu akapepuka chisoni chimabwerera.

Poyambira ndi kuchipatala, chifukwa pali matenda a m'thupi amene amavala nkhope yomweyi. Pemphani kuti akuyezeni kuchuluka kwa magazi (hemoglobin yosafika 12 kwa amayi kapena 13 kwa abambo ndiye kuti magazi achepa), shuga, BP ndi HIV. Ngati mwakhala mukutsokomola masabata awiri, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda, akuyezeninso TB. Chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka chimabweretsanso kutopa, kuzizidwa ndi kunenepa. Tisamanamizire ntchito pamene vuto lili m'magazi.

Akakuuzani kuti m'thupi muli bwino, tengani kope. Akatswiri awiri, Christina Maslach ndi Michael Leiter, anapeza kuti vutoli limalowera pa zipata 6: kuchuluka kwa ntchito, kusowa mphamvu yosankha kagwiridwe kake, malipiro kapena kuyamikiridwa kosakwanira, kusagwirizana ndi anzako, kukondera, ndi kukakamizidwa kuchita zosemphana ndi chikumbumtima chako. Kwa sabata imodzi, madzulo alionse lembani chimene chakutopetsani kwambiri tsikulo ndi chipata chimene chalowera. Ambiri amadabwa kupeza kuti chikuwadya si chimene ankachiganizira. Wina amayesa kuti ndi anawo, pamene kwenikweni ndi makope amene amanyamula kupita nawo kunyumba.

Chiwerengero cha ana simungachichepetse nokha, koma zina zili m'manja mwanu. Gawani kalasi m'magulu 5, tsiku lililonse muzichonga mwakuya makope a gulu limodzi, enawo muziwaona mukuzungulira m'kalasi. Pofika Lachisanu mwana aliyense mwamuona. Masikimu (mapulani a zophunzitsa) gawanani ndi mnzanu wa kalasi lofanana nalo. Ikani ola lotsekera ntchito, mwachitsanzo 4 koloko, ndipo makope azitsala kusukulu. Kenako kaonaneni ndi ahedi kuti mutule udindo umodzi wapadera kwa teremu imodzi, kaya ndi wa zamasewero kaya wa komiti. Kapempheni chinthu chimodzi chodziwika bwino, chifukwa pempho lakuti "ndithandizeni ndatopa" limangoyankhidwa ndi "tonse tatopa."

FUNSO: Mkazi wanga ndi namwino. Poyamba ankangodandaula za ntchito, koma tsopano wasiya kupita kukwaya, sakudya bwino, ndipo amati ndi wolephera pa zonse. Ndimuuze kuti atenge tchuthi basi?
Bambo wodandaula, Kasungu

YANKHO: Bambo, tchuthi chokha sichikwanira apa. Kutopa kochokera ku ntchito kumapepuka munthu akatalikirana ndi ntchitoyo: Loweruka amaseka, kukwaya amapita, ndiwo zimamukomera. Zikafika poti mdimawo ukumutsata kunyumba, kutchalitchi ndi pa mbale ya nsima, timaganizira nthenda ya kukhumudwa imene madokotala amati depression. Burnout yosasamalidwa imatha kutsegulira khomo nthenda imeneyi.

Muyezo wake ndi masabata awiri. Ngati pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri munthu ali wokhumudwa kapena sakusangalala ndi chilichonse, kuphatikizapo kusintha kwa tulo ndi kadyedwe, kudziona wachabechabe, kulephera kuika maganizo pa chinthu, kapena kuganiza za imfa, ayenera kuonedwa ndi achipatala. Kumeneko amagwiritsa ntchito mafunso 9 otchedwa PHQ-9, amene malikisi ake amayambira 0 kufika 27, ndipo kuyambira pa 10 amafufuza mozama.

Chithandizo ndi uphungu, mankhwala, kapena zonse ziwiri. Mankhwala opezeka kwambiri kuno ndi fluoxetine ndi amitriptyline. Fluoxetine amamwa m'mawa ndipo masiku oyamba amatha kuchititsa nseru. Amitriptyline amaumitsa kukamwa ndi kugonetsa, n'chifukwa chake amamwa usiku. Onsewa sagwira ngati Panado. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata 2 mpaka 4, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amasiya sabata yoyamba akuti sakuthandiza, kapena amasiya atangopeza bwino. Malangizo a World Health Organization ndi akuti apitirize kwa miyezi yosachepera 6 zizindikiro zitatha, ndipo posiya azichepetsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala.

Anamwino ambiri amaopa kuonedwa ndi anzawo ogwira nawo ntchito. Akhoza kukaonedwa kwina. M'zipatala zazikulu za m'maboma mumapezeka anamwino a matenda a maganizo, ndipo palinso St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi Zomba Mental Hospital. Inu muwaperekeze, ndipo mawu akuti "ungolimba mtima" muwasiye kaye.

FUNSO: Ndimagwira ntchito ya zowerengera ndalama pa kampani ina. Nditatopa kwambiri ndinatenga tchuthi cha masabata awiri, ndinapita kumudzi ndipo ndinapezako bwino. Nditabwerera sipanathe mwezi ndili pomwe ndinali paja. Abwana amatumiza mauthenga pa WhatsApp mpaka 10 koloko usiku. Ndingosiya ntchito?
Mnyamata wa zaka 29, Ndirande

YANKHO: Achimwene, musathamangire kulemba kalata yosiya ntchito muli wotopa chonchi, makamaka masiku ano pamene ntchito ikusowa. Zimene zakuchitikiraninso si zachilendo. Ofufuza za ntchito anaona kalekale kuti ubwino wa tchuthi umazilala pakangopita masabata ochepa munthu atabwerera. Mwaphula mphika, wazizira, mwaubwezera pa moto womwe uja. Chofunika ndi kuphulako nkhuni.

Dziwani kaye zimene lamulo limakupatsani. Employment Act ya 2000 imati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, opitirira apo ndi ovataimu yolipidwa, ndipo pa sabata iliyonse mupume maola 24 otsatizana. Tchuthi cha pachaka ndi masiku osachepera 15 ngati mumagwira masiku 5 pa sabata, kapena 18 ngati mumagwira masiku 6. Mukakwanitsa miyezi 12 pa ntchito, muli ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro, bola pakhale kalata ya dokotala. Zikavuta, ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ndi imene imalandira madandaulo otere.

Komabe musalowe mu ofesi ya abwana mutanyamula lamulo ngati chibonga. Kwa masabata awiri lembani ntchito iliyonse imene mwapatsidwa ndi maola amene yatenga. Mukatero mupemphe mphindi 15, muike pepalalo patebulo n'kufunsa kuti, "Bwana, pa ntchito 5 izi, ndi zitatu ziti zimene mukufuna zithe pofika Lachisanu?" Mwawapatsa iwo mpeni wodulira, ndipo simunaoneke ngati wokana ntchito. Za mauthenga a usiku, auzeni mwaulemu kuti ikakwana 7 koloko uthenga muziuona m'mawa, koma chikakhala chadzidzidzi aimbe foni. Kenako zimitsanidi belu la gulu la kuntchito. Mukayankha kamodzi kokha 10 koloko usiku, malire aja agwa.

Kuchira kumatenga nthawi yaitali kuposa mmene anthu amaganizira. Zikakhala zapang'ono ndi masabata angapo, zikakhala zozama ndi miyezi, ndipo ena amadutsa chaka. Nthawi zambiri tulo ndi timene timayamba kubwerera, pamene kukumbukira zinthu ndi kuika maganizo pa manambala kumabwera mochedwa, choncho musadzidabwe mukalakwitsa masamu amene kale munkawachita mutatsinzina. Msampha waukulu ndi tsiku loyamba limene mwadzuka muli ndi mphamvu. Munthu amafuna kubweza ngongole yonse ya ntchito tsiku lomwelo, mawa lake n'kugwanso. Tsiku lotero gwirani mlingo womwe uja wa dzulo.

Ngati patatha miyezi itatu mukuyesa zonsezi palibe chasintha, kapena mukunyozedwa, kapena mukukakamizidwa kusintha manambala m'mabuku, pamenepo yambani kufunafuna kwina mudakali pa malipiro.

FUNSO: Mayi anga anadwala sitiroko chaka chatha ndipo mbali imodzi inafa ziwalo. Mwana wamkazi ndine ndekha, ndiye kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza usiku zonse ndi ine. Alongo anga atatu amangoimba foni. Masiku ena ndimalakalaka atangotsogola kuti ndipume, kenako ndimalira kuti ndine mfiti.
Mayi wa ana anayi, Mchinji

YANKHO: Amayi, si inu mfiti. Ganizo limenelo limawabwerera anthu ambiri amene adwazika matenda kwa nthawi yaitali, kungoti salitchula. Chimene mtima wanu ukufuna ndi chakuti katunduyo atuliridwe pansi, osati kuti mayi anu afe. Choyenera kuchiopa ndi china: mukaona kuti mwayamba kuwagwedeza, kuwatsina, kuwakalipira mwaukali kapena kuwachedwetsera chakudya dala, agonekeni bwino, tulukani panja mphindi 10, ndipo tsiku lomwelo muitane munthu adzakulandireni. Pamenepo mwafika pa malire.

Tiwerengere limodzi. Wodwala amene satha kudzitembenuza amafunika kumutembenuza pafupifupi maola awiri alionse kuti asachite zilonda za m'matako, m'chiuno ndi m'zidendene. Ndiye kuti kwa chaka chathunthu simunagonepo tulo tosadukiza. Palibe munthu amene angakhale wodekha atatero. Choncho chofunika choyamba ndi usiku uwiri pa sabata umene wina akugona ndi mayi, inu mukugona chipinda china kapena nyumba ina, osamva ngakhale chifuwa chawo.

Zimenezi sizibwera podandaula pa foni. Itanitsani msonkhano wa banja kudzera kwa amalume kapena wamkulu wa mbumba, chifukwa alongo anu ndi eni mbumba ndipo mwambo womwewo ukuwapatsa udindo. Pamsonkhanopo musati "mundithandize." Bwerani ndi mndandanda: matewera angati pa mwezi, sopo, mafuta odzola, thiransipoti ya kusikelo ya BP, ndi malipiro a mayi wina wodzathandiza masiku atatu pa sabata. Aliyense atchule chake, ndalama zingati ndi tsiku lanji, zilembedwe pamaso pa amalume. N'zoona kuti mwana wamwamuna sasambitsa mayi ake, koma akhoza kuwanyamula kupita nawo padzuwa, kutunga madzi, kuwaza nkhuni, kukatenga mankhwala ndi kulima munda wanu. Akazi awo ndi azakhali akhoza kusinthana nanu pa kusambitsa. Amayi a Chigwirizano kapena a kumphakati akabwera kudzazonda, musamangowayalira mphasa. Apempheni akhale ndi wodwala maola awiri inu mupite kumsika kapena mukagone.

Palinso njira zopeputsa ntchito yeniyeniyo. Powatembenuza yalani chitenje cholimba kunsi kwawo kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu, anthu awiri agwire uku ndi uku. Pindani mawondo, osati msana. Musamawakoke ndi mkono wakufawo chifukwa phewa limatha kuguluka. Ndipo chilichonse chimene angathe ndi dzanja labwinolo, monga kudya, kupukuta kumaso kapena kutsuka mano, alekeni achite okha ngakhale zichedwe. Kuwachitira zonse kumawafooketsa iwo n'kukutopetsani inu. Kuchipatala chachikulu funsani a mafizo kuti akuphunzitseni masewero owongola ziwalo, ndiponso ofesi yosamalira odwala matenda okhalitsa.

Dziwaninso kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu amene adwala sitiroko amadwalanso kukhumudwa, ndipo ena amalira kapena kupsa mtima popanda chifukwa poti ubongo unavulala. Mayi akakulankhulani mokhadzula, nthawi zambiri ndi nthendayo. Auzeni achipatala, mankhwala ake alipo.

FUNSO: Ndimagulitsa kaunjika. Ndalama itagwa mphamvu mpamba wanga unatha, ndinakongola kubanki nkhonde, kenako ndinatenga katapila kuti ndibweze kumeneko. Tsopano tulo sindikupeza pokhapokha nditamwa. Mkazi wanga sakudziwa kukula kwa ngongoleyi. Mutu wanga sukuima kuganiza.
Wageni, Kawale

YANKHO: Bambo, kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunagwetsa anthu ambiri a geni amene amaoda katundu wochokera kunja, choncho musadzione ngati mbuli. Koma muli ndi mavuto awiri amene akudyetsana, ndipo tiyamba ndi mowa.

Mowa umagonetsa msanga, ndi zoona. Koma ukamatha m'magazi, cha m'ma 2 kapena 3 koloko m'bandakucha, ubongo umadzidzimuka, mtima umagunda, ndipo nkhawa imabwera yoposa ya dzulo. Pakapita masabata botolo limodzi silikwanira. Chenjezo lofunika ndi ili: ngati mwakhala mukumwa kwambiri tsiku lililonse, ndipo m'mawa manja amanjenjemera mpaka mutamwanso, musasiye mwadzidzidzi muli nokha. Kunjenjemera ndi thukuta zimayamba pakatha maola 6 mpaka 24, ena amakomoka ngati akhunyu, ndipo tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonezeka mutu n'kumaona zinthu zimene palibe. Zimenezi zimapha. Pitani kuchipatala akuthandizeni kusiya bwinobwino. Diazepam (mankhwala ogonetsa) wogula mwamseri musamuyerekeze, amakola msanga, ndipo kumuphatikiza ndi mowa kumatha kuimitsa kupuma.

Pofuna kubwezeretsa tulo, dzukani ola limodzimodzi tsiku lililonse ngakhale mwagona mochedwa. Tiyi, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zithere masana, chifukwa pakatha maola pafupifupi 5 theka la caffeine, chinthu chothamangitsa tulo chimene chili m'zakumwazi, limakhala lidakali m'thupi. Mukagona osapeza tulo kwa mphindi ngati 20, dzukani, khalani pampando mumdima osagwira foni, mubwerere tulo tikayamba. Kupuma pang'onopang'ono kumathandizanso: kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, tulutsani mukuwerenga mpaka 6, kwa mphindi 5. Kutulutsa mpweya motalikitsako ndiko kumachepetsa liwiro la mtima. Yendani ndawala mphindi 30 masiku 5 pa sabata.

Tsopano ngongole. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, imene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi ndi anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Njira yawo ndi yosavuta. Vuto likhale papepala, osati m'mutu. Musankhe limodzi, mulembe njira zonse zimene zingatheke, musankhepo imodzi, muike tsiku loichita. Inunso lembani ngongole iliyonse: kwa ndani, zingati, chiwongoladzanja chake, ndi tsiku lobweza. Muzichita zimenezi musanadye mgonero, kwa mphindi 15, kuti usiku ganizo likabwera muziliuza kuti lalembedwa kale. Yoyamba kuithetsa ndi ya katapila chifukwa ndi imene ikubereka msanga, ngakhale zitafunika kugulitsa katundu wina. Musakongolenso kuti mubweze ngongole. Kubanki nkhonde pitani nokha asanabwere kudzalanda katundu, mukhale ndi mboni, mupemphe kubweza pang'onopang'ono, ndipo mgwirizanowo ulembedwe.

Akazi anu auzeni sabata ino, pepala lili m'manja. Adzakhumudwa, koma kumva kwa inu n'kopepuka kusiyana ndi kumva kwa anthu odzanyamula mipando. Mukaopa, itanani ankhoswe.

Funso lina tikufunsani mosabisa: kodi maganizo ofuna kudzipha akubwera? Malipoti a apolisi m'dziko muno amasonyeza kuti ambiri odzipha ndi abambo, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Ngati akubwera, uzani munthu mmodzi lero, mankhwala a kumunda ndi ena oopsa akasungidwe kwa m'bale, musakhale nokha, musamwe, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kwa achibale amene mukuwerenga: kumufunsa munthu molunjika ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa ganizolo, kumamupatsa mpata wolankhula.

FUNSO: Kodi matenda a maganizo amachokera kuti kwenikweni? Kumudzi amati ndi kulodzedwa, kutchalitchi amati ndi kuchepa chikhulupiriro, anzanga amati ndi zakumtundu.
Wophunzira pa koleji, Zomba

YANKHO: Kawirikawiri chifukwa sichikhala chimodzi. Zakumtundu zilipodi, koma chimene munthu amatengera ndi kusachedwa kugwidwa, osati nthenda yeniyeniyo. Pa nthenda ya kukhumudwa, kafukufuku wa mapasa amasonyeza kuti zakumtundu zimatenga gawo loposa pang'ono limodzi mwa magawo atatu. Pa schizophrenia (mtundu wa misala) ndi bipolar (nthenda yosinthasintha pakati pa kukhumudwa ndi kusangalala kopyola muyezo) gawolo ndi lalikulu kuposa apo. Chotsalacho ndi zimene munthu wadutsamo.

Ubwana umalemera kwambiri pa sikelo imeneyi. Mwana wokula akumenyedwa, kugwiriridwa, kuona makolo akumenyana kapena kusiyidwa wamasiye amakula thupi lake litazolowera kukhala tcheru, ndipo akadzakumana ndi mavuto atakula amagwedezeka msanga. Pamwamba pake pamabwera zokumana nazo monga maliro, kutha kwa banja, ulova, njala ndi ngozi. Ena mwa amene anapulumuka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ku Chilobwe, ku Mulanje kapena ku Phalombe amanjenjemera mvula ikangoyamba kugunda pa malata. Maloto oopsa, kudzidzimuka ndi kupewa malo a ngoziyo zikapitirira mwezi umodzi, pamafunika uphungu wapadera. Thupi nalo lili ndi mbali yake: masabata otsatira kubereka, HIV, khunyu, ululu wosatha ndi kusowa tulo. Chamba, makamaka chikayambidwa munthu ali wachinyamata n'kumasutidwa tsiku ndi tsiku, chimachulukitsa mpata wodwala misala.

Pa za pemphero, ife sitiona mkangano. Mpingo umapatsa munthu anthu omuyendera, nyimbo ndi chiyembekezo, ndipo zimenezi zimateteza maganizo. Chimene timakana ndi kumuuza wodwala kuti ataye mankhwala, kumumanga maunyolo, kumusalitsa kudya masiku ambiri, kapena kuzungulira naye kwa asing'anga miyezi 6 asanaonedwe ndi dokotala. Pa matenda a misala, kuchedwa kuyamba chithandizo kumapangitsa kuchira kukhala kovuta. Kunena kuti walodzedwa kumawonjezeranso wodwala wachiwiri, gogo wosalakwa amene akulozedwa chala.

FUNSO: Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku England, mashifiti a maola 12, nthawi zambiri usiku. Kumudzi aliyense akudalira ine. Foni ikalira mtima umagunda chifukwa ndikudziwa kuti ndi pempho la ndalama.
Mayi, Leeds

YANKHO: Achemwali, pali zinthu zitatu zimene zakumana: mashifiti a usiku, kusowa dzuwa, ndi foniyo. Mukaweruka m'mawa gonani m'chipinda chamdima wandiweyani, foni itazimitsidwa, ndipo pemphani kuti mausiku otsatizana asachuluke. Pakatikati pa nyengo yozizira ku Leeds dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko, choncho tsiku lopuma tulukani panja masana ngakhale kuli mitambo. A NHS, bungwe la boma la zaumoyo kumeneko, amalangiza kumwa vitamin D wa mamaikulogalamu 10 tsiku lililonse m'nyengo yozizira, ndipo kwa anthu a khungu lakuda amati ndi bwino chaka chonse. Ku England mukhoza kudzilembetsa nokha ku uphungu wa NHS Talking Therapies osadzera kwa GP (dokotala wanu wa nthawi zonse), ndipo zikakuthinani usiku a Samaritans, bungwe lomvetsera anthu ovutika mumtima, amayankha kwaulere pa 116 123.

Za kumudzi, werengerani kaye lendi, mabilu, chakudya ndi kandalama kosunga, chotsalacho ndicho chotumiza. Sankhani munthu mmodzi wolandira, ndalama imodzimodzi, tsiku limodzi pa mwezi, ndipo muwauze onse pamodzi kuti fizi ndi mankhwala a amayi zili m'menemo. Padera sungani kathumba ka maliro ndi matenda adzidzidzi, osakatchula kwa wina aliyense. Pempho lobwera pakati pa mwezi muziliyankha ndi mawu amodzimodzi: "Ndamva, tidzaziona pa 28." Miyezi iwiri yoyamba adzadandaula, wachitatu adzayamba kuwerengera tsikulo.